Izi mwazitenga kuti? Katchulidwe ka magwero m'chimangirizo cha kafukufuku cha Chingerezi

Ndikamachonga chimangirizo cha kafukufuku cha wophunzira wa kusekondale, funso limene ndimalemba kawirikawiri m'mphepete mwa pepala ndi lakuti, "Izi mwazitenga kuti?" Sindifunsa pofuna kukola munthu. Ndimafuna kuti ndikapita ku laibulale kapena ndikatsegula foni, ndikafike pa tsamba lomwelo limene wophunzirayo anawerenga, ndione ndi maso anga ngati mlembi wa bukulo ananenadi zimenezo. Malamulo onse a mipumiro, mipatuliro ndi zilembo zopendekeka amene amakuzunguzani mutu anaikidwa kuti wowerenga afike pa tsambalo osasochera.

Musanalembe kanthu, funsani aphunzitsi anu njira imene akufuna, chifukwa njira zilipo zingapo ndipo sizisakanizidwa. Pa phunziro la Chingerezi, makamaka m'masukulu a ku America ndi ena otsata maphunziro a kumeneko, yofala ndi MLA. Dzinali likuchokera ku Modern Language Association, bungwe la akatswiri a zilankhulo ndi zolembalemba lomwe linakhazikitsidwa mu 1883. Buku lawo la malamulo, *MLA Handbook*, linatuluka kachisanu n'chinayi mu 2021. A maphunziro a psychology ndi a uphunzitsi amakonda APA, ndipo ku Britain ndi ku South Africa mukakumana kwambiri ndi Harvard. Ziwirizi zimaika chaka pafupi ndi dzina la mlembi, pomwe MLA imalabadira tsamba, poti pokambirana za mabuku chofunika ndi malo enieni pamene mawu ali. Ine ndifotokoza MLA. Chenjerani ndi zitsanzo zakale. Mu 2016 MLA inasintha zambiri, moti mukaona chitsanzo cha buku la masiku ano chotchula mzinda umene linasindikizidwa, n'kuthera ndi mawu akuti Print kapena Web, dziwani kuti chinatha ntchito.

Ntchitoyi imayamba tsiku limene mwatenga buku m'manja. Ophunzira ambiri amene ndawapeza ndi mlandu wokopera sanali ndi mtima wakuba. Anawerenga, nalemba manotsi m'kope, patapita milungu n'kuiwala kuti mawu awa anali awo, awa anali a mwini buku. Pofika usiku womaliza zonse zinaoneka ngati zawo. Ndiye mukangotenga buku, jambulani pafoni tsamba la mutu ndi lakuseri kwake, lija la tizilembo ting'onoting'ono lokhala ndi chaka ndi dzina la kampani yosindikiza. Chikuto chokha sichikwana. M'kope mwanu gwero lililonse mulipatse tsamba lakelake. Mawu amene mwakopera ndendende muwaike m'mitengero nthawi yomweyo, ngakhale akhale atatu okha, ndipo nambala ya tsamba ikhale pambali pake. Ganizo la mlembi limene mwalifupikitsa m'mawu anu likhalenso ndi nambala ya tsamba. Ganizo limene labadwa m'mutu mwanu powerenga mulilembe ndi pensulo, kuti likamadzaoneka mudzalizindikire kuti ili ndi lanu.

Amene mumadalira mafotokope, muuzeni wojambulayo ajambulenso tsamba la mutu, ndipo musanachoke pamakinapo onani ngati manambala a masamba sanadulidwe m'munsi. Manotsi a PDF amene amazungulira pa WhatsApp opanda dzina la wolemba angakuthandizeni kukumbukira nkhani pokonzekera mayeso, koma si gwero la kafukufuku. Palibe amene angawalondole kumene anachokera, ndipo ambiri mwa iwo ndi okoperanso kwina.

Si zonse zofuna gwero. Zoti Chinua Achebe anali wa ku Nigeria, kuti *Things Fall Apart* inatuluka mu 1958, kapena kuti Shakespeare anamwalira mu 1616, n'zodziwika ndipo zili m'mabuku osawerengeka. Zimene zimafuna gwero ndi mawu a munthu wina, kamasuliridwe kake ka nkhani kapena ndakatulo, manambala a kafukufuku, ndi mfundo iliyonse imene munthu wanzeru angaitsutse. Mukakayika, tchulani. Ine sindinachotsepo malikisi chifukwa choti wophunzira watchula gwero pamene panalibe chifukwa.

Pamene pamagwa ambiri, ngakhale akhama, ndi pofotokoza ganizo la wina m'mawu awo. Ndipeke chiganizo changa kuti tione bwino. Tinene kuti katswiri wina, a Banda, analemba za Okonkwo wa mu *Things Fall Apart* pa tsamba 12 la buku lawo kuti: Okonkwo's violence grows out of his fear of being thought weak like his father. Wophunzira n'kulemba: Okonkwo's brutality comes from his fear of being seen as weak like his father. Wasintha mawu atatu, koma mafupa a chiganizocho akadali a Banda. Akapanda kutchula dzina lawo, wakuba ganizo. Akatchula dzina koma osaika mitengero, wakopabe kamangidwe ka chiganizo n'kumachionetsa ngati chake, ndipo uku n'kuberanso. Njira imene ndimaphunzitsa ndi yotseka buku. Werengani ndimeyo mpaka mwaimva, tsekani, ndipo mudzifotokozere nokha m'Chichewa chimene munthuyo akunena, ngati mukuuza mnzanu panjira. Kenako lembani m'Chingerezi kuchokera pa zimene mwanena m'Chichewazo. Ife amene timaganiza m'zilankhulo ziwiri tili ndi mwayi pano, chifukwa ganizo likadutsa m'Chichewa limatuluka litavula zovala za mwini wake. Mukatero tsegulaninso buku, muone ngati simunapotoze tanthauzo, ndipo ikani (Banda 12) kumapeto. Ganizolo likadali lawo ngakhale mawu ndi anu.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya kusukulu kokha. Mu 2011 Karl-Theodor zu Guttenberg anatula pansi udindo wa nduna ya chitetezo ku Germany zitadziwika kuti anakopera mbali zambiri za kafukufuku wake wa digiri ya udokotala, ndipo yunivesite ya Bayreuth inamulanda digiriyo. Chaka chotsatira pulezidenti wa Hungary, Pál Schmitt, anachoka pampando pa mlandu wofanana nawo. Zolemba zimakhala, ndipo zaka zikapita wina amadzaziwerenga.

Tsopano kalembedwe kake m'kati mwa chimangirizo. MLA imafuna dzina la makolo la mlembi ndi nambala ya tsamba m'mikutiramawu, popanda mpatuliro pakati ndiponso popanda chilembo p. Ngati mawu mwawatenga pa tsamba 45, mulemba (Achebe 45), ndipo mpumiro wa chiganizo ubwere pambuyo pa mkutiramawu wotseka. Ngati dzina la mlembi mwalitchula kale m'chiganizomo, m'mikutiramawu mukhale nambala yokha, (45). Alembi akakhala awiri, onse atchulidwe: (Phiri and Mwale 30). Akakhala atatu kapena kuposa, tchulani woyamba ndi kuwonjezera et al., kutanthauza "ndi ena", motere: (Phiri et al. 30). Mukagwiritsa ntchito mabuku awiri a munthu mmodzi, wowerenga sangadziwe kuti tsamba 45 ndi la buku liti, choncho muikepo mutu wofupikitsidwa: (Achebe, *Arrow* 45) poloza *Arrow of God*. Lamulo lina limatikhudza kwambiri kuno kwathu kumene a Banda ndi a Phiri ali paliponse: alembi awiri akakhala ndi dzina la makolo limodzi, onjezani chilembo choyamba cha dzina la aliyense, (M. Banda 12) ndi (T. Banda 80). Nkhani ya pa intaneti yopanda manambala a masamba imangofuna dzina. Musawerenge masamba potengera mmene ikuonekera pafoni yanu, chifukwa pa kompyuta ya aphunzitsi ioneka mwina.

Nthawi zina mumapeza mawu a munthu wina atagwidwa m'buku la wina, inu buku loyambalo osaliona. Yesetsani kulipeza. Mukalephera, nenani zoona: tchulani mwini mawu m'chiganizo, kenako (qtd. in Banda 12), kutanthauza kuti mawuwo agwidwa m'buku la Banda, ndipo pamndandanda wakumapeto pakhale buku la Banda limene munaligwiradi m'manja.

Ndakatulo zimatchulidwa ndi manambala a mizere ngati buku lanu lawaika, ndipo mukagwira mizere iwiri kapena itatu m'kati mwa chiganizo chanu, muilekanitse ndi kamzere kopendekeka aka / kuti wowerenga aone pamene mlakatuli anadula. Masewero a Shakespeare amatchulidwa ndi act, scene ndi mzere, monga (5.5.19-23). Manambala a mizerewa amasiyana malinga ndi amene anakonza bukulo, ndiye tsatani a buku limene lili patsogolo panu. Mawu ogwidwa akaposa mizere inayi ya nkhani wamba, kapena mizere itatu ya ndakatulo, amayamba pa mzere wawokha, onse atalowa m'kati theka la inchi, opanda mitengero, ndipo pano mpumiro umabwera mikutiramawu isanafike. Langizo langa ndi lakuti mawu aatali chotere akhale osowa. Pepala la masamba asanu lokhala ndi zigamba zinayi zoterozo limandiuza kuti wolembayo amafuna kungodzaza malo.

Mawu ogwidwa ali ngati mboni pabwalo la mfumu. Mumaitchula dzina, imalankhula, koma mlandu mumaunena ndinu. Chotero musangoponya mawu a munthu pakati pa ndime n'kupita. Yambani ndi Achebe argues that kapena According to Banda, ndipo akatha mawuwo lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu zanu zosonyeza chimene akutsimikiza pa mfundo yanu, kapena pamene inu simukugwirizana nawo. Malikisi ambiri ali m'ziganizo zimenezo. Mukadumpha mawu ena pakati, ikani timadontho titatu. Mukawonjezera liwu lanu kuti chiganizo chimveke, likhale m'mikutiramawu ya ngodya [ ]. Koma musadule mawu mwa njira yoti munthu anene chimene sananene.

Kumapeto kwa pepala, pa tsamba lakelake, pamabwera mndandanda wokhala ndi mutu wakuti Works Cited pakati pa mzere woyamba. Pamalembedwa zokhazo zimene mwazitchula m'chimangirizo, motsata alifabeti ya mayina a makolo. Mzere woyamba wa gwero lililonse umayambira kumalire, yotsatira imalowa m'kati theka la inchi. Mu Microsoft Word, sankhani mndandanda wonse n'kudina Ctrl ndi T, zichitika zokha. MLA ili ndi zinthu 9 zimene zimalembedwa motsatana: mlembi, mutu wa chimene mwawerenga, mutu wa chinthu chachikulu chimene chachinyamula, ena amene anathandizapo monga womasulira kapena mkonzi, edition, nambala, wosindikiza, tsiku kapena chaka, ndi malo monga masamba kapena linki. Ziwiri zoyamba zimatsekedwa ndi mpumiro, zotsalazo zimalekanitsidwa ndi mipatuliro. Chimene gwero lanu lilibe mumangodumpha. Buku wamba limaoneka chonchi:

Achebe, Chinua. *Things Fall Apart*. Heinemann, 1958.

Ngati buku limene muli nalo linasindikizidwanso chaka china kapena ndi kampani ina, lembani za limenelo, chifukwa masamba ake ndi amene mwatchula. Mitu ya mabuku, manyuzipepa ndi mawebusaiti imalembedwa mopendekeka, ndipo polemba pamanja mumaijambula mzere kunsi. Mitu ya nthano zazifupi, ndakatulo ndi nkhani za m'nyuzipepa imalowa m'mitengero.

Chachitatu chija, chinthu chachikulu chonyamula chinzake, a MLA amachitcha container, ndipo mukachimvetsa zambiri zimaphweka. Nthano ya Bessie Head yakuti "Looking for a Rain God" ili m'buku lake la 1977. Mulemba: Head, Bessie. "Looking for a Rain God." *The Collector of Treasures and Other Botswana Village Tales*, Heinemann, 1977, kenako pp. ndi manambala a tsamba loyamba ndi lomaliza la nthanoyo. Koma ngati inu munaiwerenga m'buku lina losonkhanitsa nthano za alembi osiyanasiyana, bukulo ndilo liyenera kulembedwa, pamodzi ndi mkonzi wake.

Wina angafunse kuti zili ndi kanthu kanji, poti nthano ndi yomweyo. Nthawi zina si yomweyo. Mu 1975 Achebe anakamba nkhani ku University of Massachusetts Amherst yodzudzula buku la Joseph Conrad, *Heart of Darkness*. Itasindikizidwa mu 1977, inamutcha Conrad "a bloody racist". Atadzaikonzanso, monga ikupezekera m'mabuku a 1988, mawuwo anakhala "a thoroughgoing racist". Wophunzira amene wagwira mawu achiwiriwa n'kuloza ku 1977 amatumiza wowerenga pa tsamba pomwe mawuwo palibe. Ya 1977 imalembedwa motere:

Achebe, Chinua. "An Image of Africa." *The Massachusetts Review*, vol. 18, no. 4, 1977, pp. 782-94.

Ngati munaipeza pa JSTOR, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za akatswiri, ndiye kuti JSTOR ndi container yachiwiri. Muiwonjezere kumapeto mopendekeka, ndi linki kapena DOI yake, nambala yapadera yozindikiritsa nkhaniyo. DOI ikakhalapo, sankhani imeneyo, chifukwa sisintha ngakhale nkhaniyo itasamuka pa intaneti.

Nkhani ya pa webusaiti imatsata dongosolo lomwelo: mlembi, mutu m'mitengero, dzina la webusaiti, tsiku, linki. Tsiku limayamba ndi nambala, kenako mwezi wofupikitsidwa, monga 14 Mar. 2023, ndipo May, June ndi July okha salembedwa mofupikitsa. Ngati nkhaniyo ilibe tsiku, onjezani Accessed ndi tsiku limene munaiwerenga. Ngati ilibe mlembi, yambani ndi mutu, ndipo m'chimangirizo muloze ndi mawu oyamba a mutuwo. Koma nkhani yopanda mlembi ndi tsiku lomwe, dzifunseni kaye ngati ili yoyenera kuidalira. Wikipedia ndi pabwino poyambira. Tsikirani m'munsi mwa nkhaniyo pamene pali magwero ake, tsegulani amenewo, muwawerenge, ndipo mutchule iwowo.

Pali zida zolembera mndandanda, monga Zotero yomwe ndi yaulere, ndi kachizindikiro ka mitengero kamene kali pansi pa nkhani iliyonse pa Google Scholar. Zigwiritseni ntchito, koma muziona zimene zatulutsa. Zimasokoneza zilembo zazikulu, zimadumpha zaka, ndipo mayina a ku Africa zimawatembenuza molakwika. Ngũgĩ wa Thiong'o salembedwa kuti Thiong'o, Ngũgĩ wa. Dzinalo limakhala mmene lilili, pansi pa chilembo N, ndipo m'chimangirizo mulemba (Ngũgĩ 16). Pokayika, onani pa webusaiti ya MLA Style Center kapena ya Purdue OWL.

Za ChatGPT ndi zinzake, funsani kaye ngati sukulu yanu ikulola, ndipo ngati mwagwiritsa ntchito, nenani poyera. MLA imati chida chotere chisalembedwe ngati mlembi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zida zimenezi zimatha kupeka magwero: dzina la katswiri weniweni, mutu womveka bwino, chaka ndi masamba, koma buku lakelo kulibe. Mu 2023 khoti la ku New York linalipiritsa maloya madola 5,000 atapereka milandu yakale yomwe ChatGPT inangopeka. Lamulo la m'kalasi mwanga ndi lakuti chimene simunachitsegule n'kuchiwerenga nokha chisapezeke pa Works Cited.

Musanapereke pepala, tengani pensulo muyende ndime ndi ndime. Dzina lililonse lili m'mikutiramawu lipezeke pamndandanda, ndipo chilichonse cha pamndandanda chipezeke m'chimangirizo. Liwu loyamba la m'mikutiramawu lifanane ndi liwu loyamba la pamndandanda. Kenako tsegulaninso mabuku, mufananize mawu ogwidwa chilembo ndi chilembo.

Pali gwero lina limene ophunzira amaliiwala chifukwa silinasindikizidwe. Ngati kafukufuku wanu akukhudza nthano, miyambi kapena nyimbo za kwanu, ndipo munakhala pansi ndi agogo anu kapena mkulu wina wa m'mudzi n'kukufotokozerani, munthu ameneyo ndi gwero lofanana ndi pulofesa wolemba buku, ndipo dzina lake liyenera kuoneka. Zimandiwawa ndikaona mwambi umene mwana anamva kwa agogo ake utalembedwa ngati unangogwa kumwamba, pomwe webusaiti yachabechabe yapatsidwa mzere wonse. Apempheni kaye ngati akulola kuti muwatchule, ndipo ngati mukujambula mawu pafoni, auzeni. Pamndandanda yambani ndi dzina lawo la makolo, kenako dzina loyamba, mawu akuti Personal interview, ndi tsiku limene munacheza nawo. M'chimangirizo muloze ndi dzina lokha, poti masamba palibe. Mawu awo muwalembe m'Chichewa monga anawanenera, kumasulira kwa Chingerezi kutsatire, ndipo ngati mwamasulira nokha onjezani my trans. m'mikutiramawu kuti wowerenga adziwe kuti Chingerezicho ndi chanu. Akakana kutchulidwa dzina, kambiranani ndi aphunzitsi anu mmene mungawalozere osawaulula.